Basi yakale kuisandutsa nyumba yoyenda kuno ku UK

Anzanga mukufuna kugula basi yakale nkuikamo bedi, kaye mvetserani. A DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kuti alembe motor caravan (nyumba yoyenda) pa V5C, pepala la kalembera wa galimoto, amafuna bedi, tebulo ndi mipando, pophikira komanso posungira katundu, ndipo kuyambira 2019 amayang'ananso kunja, mawindo, chitseko, denga lalitali, basi mpaka izioneka ngati kampa zenizeni.

Koma nkhani yaikulu ndi utsi. Pepala lisintha koma injini ndi yomwe ija, ndiye mukalowa London ndi galimoto ya dizilo yolemera kupitirira matani 3.5 yosafika Euro VI (mulingo wa utsi wololedwa), LEZ, dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, ikudyani £100 pa tsiku, ikalephera ndi Euro IV yomwe (mulingo wakale) ndi £300, eee ndalama ya lendi imeneyo! Ine ndimati funsani za injini musanagule ngakhale matiresi.