Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Gwape wa ku Garve

Sabata yatha tinalekezera pamene ndinagula kagalimoto kanga koyamba kuno ku Scotland, kofiira kaja kamene chitseko chake chakumbuyo chinkatseguka chikafuna chokha. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kanathera kuti. Lero ndikuuzani, ngakhale nkhani yake imandichititsa manyazi, poti ine ndi munthu amene ndinadyera chiwongolero zaka 11 kumudzi.

Amene munawerenga magawo oyambirira mukukumbuka kuti ndinkayendetsa galimoto ya kampani ina, Lilongwe ndi Blantyre kudzera ku Dedza ndi Ntcheu, kawiri kapena katatu pa sabata. M1 ndinkaidziwa dzenje ndi dzenje. Pa Lizulu tsiku la msika mumakhala zonse mumsewu: akabaza, ngolo, ana ogulitsa mbatatesi, ndi mbuzi zimene zimawoloka ngati msewuwo zinalipira msonkho. Dalaivala wa kwathu amaphunzira zinthu ziwiri msanga, hutala ndi kukhotetsa. Mbuzi ili ndi mwini wake. Ukangoigunda mudzi wonse umatulukira, ndipo mbuziyo, ngakhale ikhale tonde, umva kuti inali ndi bere la mapasa. Ndiye manja anga anazolowera kuti chinthu chikatulukira kutsogolo, amakhota okha mutu usanaganize.

Ndinafika ku Inverness mu March 2023 pa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Laisensi ya ku Malawi amalola kuyendera miyezi 12, kenako umayenera kulemba mayeso a kuno. Poti nawonso amayenda kumanzere ngati ife, ndinkadziona ngati katswiri. Anandipatsa dera la kumadzulo kwa Dingwall: umatenga A835, msewu wopita ku Ullapool, ukadutsa pa Garve umapatukira ku A832 yolowera ku Achnasheen. Kumeneko nyumba ndi zotalikirana, pakati pake mitengo ya paini, mapiri opanda munthu ndi nyanja zing'onozing'ono zakuda bii.

M'mbali mwa msewu muli zikwangwani za makona atatu, mphepete mofiira, pakati pali chithunzi cha nyama ya nyanga ikudumpha. Eni ake amaitcha deer. Ine ndimangoti gwape, koma musaganize kagwape kathu kaja kothawa galu. Alipo aang'ono ndithu, koma a m'mapiri muno, ofiirira aja, mphongo yake imatha kufika makilogalamu 190, nyanga zili ngati nthambi za mtengo wouma. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkadutsa zikwangwanizo ngati zokongoletsa msewu. Agwapewo ndinkawaona patali, paphiri, n'kuwajambula kutumizira ana.

Pa 29 October chaka chimenecho anabweza mawotchi ndi ola limodzi, monga amachitira Lamlungu lomaliza la mweziwo chaka chilichonse. Kwa ine zinangotanthauza kugona ola lowonjezera. Sindinadziwe kuti kuyambira pamenepo ulendo wanga wa madzulo uzikumana ndi chisisira, nthawi imene nyamazi zimatsika kukadya.

Linali Lachinayi, sabata yoyamba ya November. Ndinachedwa kwa agogo ena aakazi amene anakana kumwa mankhwala mpaka nditamva nkhani ya mdzukulu wawo yonse. Potuluka, 5 koloko isanakwane n'komwe, kunja kuli mdima, kamvula kakuwaza. Agogo otsatira ankandidikira kuti ndiwatenthetsere chakudya. Msewuwo malire ake ndi mamailosi 60 pa ola, ine ndinali pomwepo, mwinanso kupitirira pang'ono, ndisakunamizeni.

Ndinangoona tinthu tiwiri tikunyezimira kumanzere, kenako thupi lonse lili pakati pa msewu, laima njii, likundiyang'ana. Dzanja lamanja linapita pa hutala, lamanzere linakoka chiwongolero. Za buleki ndinakumbukira matayala ali kale pa udzu. Galimoto inatsetsereka cham'mbali, kugunda mwala, n'kukagwera m'ngalande ya matope mutu pansi. Lamba anandigwira pachifuwa mpaka mpweya kutha. Injini itazima ndinangomva mawaipa akupukutabe galasi, kwee, kwee, ngati palibe chachitika.

Gwapeyo sindinamukhudze ngakhale ubweya. Ndili m'ngalandemo ndinaona ena atatu akuwoloka mwaulemu, wina pambuyo pa mnzake. Mtengo umene ndinauphonya unali pafupi moti nditatuluka ndinautsamira, miyendo ikunjenjemera.

Anandipeza ndi bambo wina wa thirakitala. Kagalimoto kanga kanapindika chitsulo cha tayala lakutsogolo, ndipo a inshulansi atawerengera anati kukonza kuposa mtengo wa galimotoyo. Kanathera pomwepo.

Usiku umenewo ndinaimba kumudzi. Amayi anangoti, "Mwanangu, bola moyo, zitsulo zimagulidwa." Kenako foni analanda amalume.

"Ndiye nyamayo mwaigawana bwanji kumeneko?"

"Amalume, sindinaigunde."

Anakhala chete kaye. "Aphwanga, mwaononga galimoto, ndiwo osapeza?"

Ndinaseka mpaka nthiti zopweteka zija zinandikumbutsa kuti ndisiye.

Amene anandiphunzitsa zenizeni ndi agogo aja ndinalephera kuwafikira tsikulo. Anali a zaka zoposa 80, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito yoyang'anira ndi kusaka agwape pa esiteti ina ya m'mapiri momwemo. Mawondo anali atatha, koma mutu uli gwa. Nditabwerera patatha masiku anayi, pa galimoto yobwereka, ndinawafotokozera zonse ndikuwaveka masokosi. Ndinkayembekezera kuti andiyamikira populumutsa nyama. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Unakhota?"

"Eya agogo, ndikanaigunda."

"Ukanaigunda. Galimoto ikanaphwanyika mphuno, iwe ukanabwera kudzanditenthetsera supu mochedwa. Nanga kukanakhala kukubwera lole ya mitengo? Mnyamata iwe, gwape ndi wofewa kuposa mtengo."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa malole onyamula mitengo amadutsadi msewu umenewo tsiku lililonse. Anandiuza kuti nyama ikatulukira, ponda buleki mwamphamvu, chiwongolero gwira chilunjike, ukhale mbali yako. Ikapulumuka yapulumuka. Ndinawauza za mbuzi za pa Lizulu, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti gwape alibe mwini woti akuthamangitse ndi chikwanje.

Kuyambira tsiku limenelo, ulendo uliwonse ndinkatuluka m'nyumbamo ndi phunziro. Anandifotokozera kuti kuyambira kumapeto kwa September mpaka November ndi nyengo yokwerana, mphongo zimabangula m'mapiri usiku wonse, kumenyana ndi kuthamangitsa zazikazi, ndipo zikatero msewu siziuona. Kubangulako ndinali nditakumvapo, ndinkayesa ng'ombe za munthu. Nyengo ina yoopsa ndi May ndi June, pamene tiana ta chaka chatha ta agwape aang'ono aja timathamangitsidwa ndi amawo n'kumayendayenda kusaka malo. Anati m'bandakucha ndi chisisira ndiye nthawi yake, ndipo ine ndinazindikira kuti imeneyo ndi nthawi yeniyeni ya ntchito yathu: kudzutsa okalamba m'mawa, kukawagoneka madzulo.

Za magetsi ndiye tinakangana. Ine ndinkati ukaona nyama uiwalitsire magetsi a fulu kuti ithawe. Iwo anati fulu ndi wofufuzira, pamene kutsogolo sikukubwera galimoto, kuti uone maso akunyezimira m'tchire patali. Ukangoiona tsitsa magetsi, chifukwa kuwala kwambiri kumaisokoneza, imangoima ngati chitsa. Ndinakumbukira mmene inaimira ija, ndinasiya makani. Koma chimene ankabwereza kwambiri, mpaka ndinkachilota, ndi chakuti woyamba si amene amakupha. Ukaona mmodzi wawoloka usaponde moto poganiza kuti zatha, anzake ali m'mbuyo.

Ndinawafunsa chifukwa chake nyamazi zachuluka chonchi, poti akuti m'Scotland muno zilipo pafupifupi 1 miliyoni. Anati mimbulu imene inkazidya inatha kuphedwa zaka mazana apitawo, ndiye mdani watsala ndi mfuti ndi galimoto basi. Ndinaganiza za kwathu, kumene gwape akangoonekera kudimba agalu ndi zibonga zimatuluka mudzi wonse. Kuno nyama yoposa mbuzi zisanu imadya maluwa pakhomo pa munthu, mwini nyumba n'kumangodandaula pawindo.

Pamene ndinkawerengera mayeso a laisensi ya kuno ndinapeza manambala amene ndikanawadziwa kale. Pa mamailosi 60 pa ola galimoto imafuna mamita 73 kuti iime, pamsewu wouma. Pa 40 imafuna 36 okha. Pakanyowa mtundawo umatha kuwirikiza kawiri. Usiku uja, pa liwiro lija, ndi kamvula kaja, ndinali nditagunda kale chilichonse chimene magetsi anga akanandionetsa. Ndinapezanso choseketsa: lamulo la pamsewu la 1988 limatchula nyama zimene ukagunda uyenera kuima ndi kunena, monga hatchi, ng'ombe, bulu, nkhosa, nkhumba, galu, ndi mbuzi yomwe. Gwape palibe. Komabe akagona pamsewu kapena akavulala umayatsa mahazadi n'kuimbira apolisi pa 101, kapena 999 ngati pali ngozi kwa anthu. Agogo anandichenjeza kuti wovulala usamuyandikire, chiboda chake chimang'amba mimba.

Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, amene tinkagwira limodzi, anamata timapito tiwiri kutsogolo kwa galimoto yake, akuti timalira ndi mphepo kuthamangitsa agwape. Nditawauza agogo anangoti ndalamazo akanagulira tiyi.

Mayeso enieni a maphunziro a agogowo anabwera mu January, cha m'ma 7 m'mawa, kunja kuli mdima ngati pakati pa usiku, msewu atathira mchere chifukwa cha chisanu. Ndinali pa 40, malo omwe aja, maso ali m'mbali mwa msewu. Ndinaona kunyezimira. Manja anayamba kukoka, ndinawamva ndithu akukoka, ndinachita kudzikalipira mokweza m'Chichewa kuti "Gwira!" Phazi pa buleki, magetsi pansi. Galimoto inanjenjemera n'kuima chilunjike. Wamkazi anawoloka. Ndinadikira. Wachiwiri, wachitatu, kamwana, mpaka asanu ndi awiri, womaliza anaima n'kununkhiza mpweya wa injini asanadumphe waya.

Nditafika ndinawauza agogo ndisanavule n'komwe jekete. Anangofunsa kuti, "Unawerenga angati?" Nditati asanu ndi awiri, anati pagulu limenelo pamakhala asanu ndi atatu, ndiye mawa ndidikireko pang'ono. Kenako anandituma kuti ndiike ketulo pamoto.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani za mayeso a laisensi ku Inverness, ndi mmene dalaivala wa zaka 11 pa M1 analepherera ulendo woyamba chifukwa cha raundabauti.