Mmene ndinayezera intaneti ya m'nyumba mwathu ndisanakalipire munthu

Pepala lomwe ndinasainira linkati laini yathu ndi ya 10 Mbps. Madzulo oyamba ndikutsitsa mabuku a sukulu a mwana wa achemwali anga, pasikirini pankaoneka 600 KB/s, kenako 400, kenako kukweranso pang'ono. Popeza 600 KB ndi 0.6 MB, khumi ndi 0.6 n'zotalikirana ngati Nsanje ndi Chitipa. Ndinangoti basi, anthu a kuno ku Joni aona kuti ndine mlendo, andidyera masuku pamutu.

Timakhala ku Rosettenville, m'nyumba yakale ya njerwa yomwe tikuchita lendi mabanja awiri. Faiba, nthambo ya intaneti yothamanga kwambiri, inadutsa mumsewu wathu, koma eni nyumba sakufuna kumva zoboola khoma, ndiye ife tikadali pa ADSL, intaneti yoyenda mu waya wa mkuwa wa lamya yomwe Telkom inayambitsa m'dziko lino mu 2002. Waya womwewo womwe azigogo a kuno ankaimbira foni ndi womwe ukutinyamulira YouTube lero.

Alamu anga, omwe amakonza makompyuta ku Fordsburg, anandipeza foni ili kale m'manja kuti ndiimbire kampani ya intaneti. "Alamu, dikirani kaye. Mwaona kuti b wa papepala lanu ndi wamng'ono, pomwe B wa pasikirini ndi wamkulu?" Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kukula kwa chilembo kuli ndi mlandu. Kampani imagulitsa liwiro m'mabiti, pomwe kompyuta potsitsa fayilo imawerenga m'mabaiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8. Choncho 10 Mbps ukaigawa ndi 8 imatsala 1.25 MB pa sekondi. Ndipo ngakhale 1.25 imeneyo suiona yonse. Aliyense amene anatumizapo katundu kumudzi pa matransipota akudziwa kuti sikelo imawerenga ndi makatoni omwe, tepu ndi zingwe. Deta nayonso imayenda yokutidwa m'timaphukusi tokhala ndi adiresi, ndipo pa ADSL zokutirazo zimadya pafupifupi 15 pa 100 iliyonse. Alamu anandipatsa masamu aulesi omwe ndimagwiritsabe ntchito: nambala ya papepala igaweni ndi 10. Laini ya 10 Mbps iyenera kukupatsani 1 MB pa sekondi kapena kuposerapo pang'ono, ya 4 Mbps ikupatseni cha m'ma 400 KB.

Mkwiyo unaphwa, koma sunathe. 600 KB si 1,000 KB (1 MB), ndipo chosowacho chinali kwinakwake.

Tinayamba ndi kuchotsa Wi-Fi pankhaniyi. Tinalumikiza laputopu ndi waya ku rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, n'kupempha onse a m'nyumba kuti azimitse Wi-Fi pamafoni awo, chinthu chomwe chinatenga nthawi yaitali kuposa kuyeza kwenikweniko. Pa Speedtest, webusaiti yoyezera liwiro la intaneti, tinasankha seva (kompyuta yomwe deta imachokerako) ya mu Johannesburg momwemuno ndipo tinayeza katatu. Inatuluka 6.8 Mbps. Kuchipinda kwanga, kuseri kwa makoma awiri a njerwa, Wi-Fi inkapereka yochepera 5. Pamenepo tinapeza wakuba woyamba, khoma la nyumba.

Kenako tinalowa m'kati mwa rauta. Mumalemba adiresi yake pamalo polembera webusaiti. Zambiri ndi 192.168.1.1, zina za kuno ndi 10.0.0.2, ndipo imakhala italembedwa kunsi kwa rautayo pamodzi ndi pasiwedi. Patsamba la DSL pali manambala atatu oyenera kuwaona. Yoyamba ndi liwiro lomwe rauta yagwirizana ndi makina a kampani, ndipo imeneyi ndiyo denga lenileni. Simungatsitse kuposa apo ngakhale mutalipira zingati. Yathu inali cha m'ma 8,000 kbps (8 Mbps) m'malo mwa 10,000. Yachiwiri ndi attenuation, yoonetsa mmene mphamvu yafookera panjira. Mkuwa uli ngati paipi yaitali ya madzi, wa kumapeto amatunga modontha. Yathu inali 35 dB, zomwe alamu anati ndi mtunda wa makilomita awiri ndi theka kuchokera ku exchange, malo omwe kuli makina a kampani aja. ADSL2+, mtundu wothamangirapo wa ADSL, pabuku imafika 24 Mbps, koma izo n'za munthu wokhala pakhomo pa exchange. Ukadutsa makilomita asanu umangothokoza ukapeza 2. Mtunda sungaukonze, pokhapokha usamuke. Yachitatu ndi SNR margin, yoonetsa kuti mawu a laini akuposa phokoso ndi mlingo wanji. Ikatsika pansi pa 6 dB laini imayamba kuduka, ndipo yathu inali pa 6 penipeni, kutanthauza kuti rauta inatsitsa yokha liwiro kuti isagwe.

Pa mtunda wathuwo 10 inayenera kutheka, ndiye phokosolo linkachokera kuti? Tinatsata waya ndi manja kuchokera pa rauta. Manyazi anandigwira, chifukwa ndine ndemwe ndinagula waya woonjezera wa mamita 15, wopyapyala uja wotchipa, n'kuudutsitsa kuseri kwa firiji limodzi ndi mawaya a magetsi kuti rauta ikhale pafupi ndi TV. Mu khonde munalinso foni yakale ya eni nyumba, yolumikizidwa popanda filter, kabokosi kakang'ono kolekanitsa mawu a foni ndi intaneti. Tinasamutsira rauta pa soketi yoyamba pomwe laini imalowera m'nyumba, ndi kawaya kafupi, foni ija n'kuiikira filter. Rauta itayakanso inagwirizana pa 10,000 kbps. Speedtest inapereka 8.6 Mbps, ndipo fayilo ya 1 GB inatsika m'mphindi 16. Kampani ija sindinaiimbirenso.

Pali zina zomwe ndangozizolowera. Kuyambira 7 koloko madzulo mpaka cha m'ma 10, pomwe dera lonse likuonera mafilimu, liwiro limatsikako chifukwa kutsogoloko njira timagawana. Chinthu chosungidwa pa seva ya kuno chimabwera msanga kuposa cha ku London, chomwe chimayenera kudutsa m'nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM, yomwe inayamba mu 2009, kapena WACS ya mu 2012. Nyengo ya mvula, madzi akalowa molumikizira mawaya panja, SNR imatsika mpaka kuume. Ndipo ziphaliwali za ku Joni si zamasewera: mabingu akangoyamba ndimazula waya wa foni ku rauta, osati pulagi ya magetsi yokha, poti mphenzi imatha kulowera kumeneko.

Chomwe chinandivuta kumvetsa kwa nthawi yaitali ndi kutumiza. ADSL inapangidwa kuti izitsitsa zambiri n'kumatumiza zochepa, ndipo pa laini yathu kutumiza sikupitirira 1 Mbps. Poimba vidiyo pa WhatsApp, nkhope yanu imadalira kanjira kopapatiza komweko. Lamulungu lina amayi ku Dedza ankangoti, "Mwananga, ukuoneka ngati uli m'nkhungu, ukudwala kodi?" Titafufuza tinapeza kuti foni ya mphwanga inali kukweza zithunzi za ukwati ku Google Photos, n'kudzaza njira yonse, moti ngakhale kutsitsa kunayamba kukwawa. Tsopano Lamulungu tikaweruka kutchalitchi mafoni ena onse amachoka pa Wi-Fi kwa theka la ola. Chithunzi chikadukabe ndimadziwa kuti vuto lili tsidya linalo, ndipo ndimawapempha amayi kuti asunthire pachulu paja kuseri kwa khola, pomwe netiweki imagwira bwino.