ThinkPad T480: chifukwa chake anthu akuikakamirabe

Malaputopu a masiku ano akungopyapyalirapyapyalira. RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda) amaiwotcherera pa motherboard, bolodi yaikulu ya m'kati, batire amalitsekera m'kati, ndiye kanthu kamodzi kakafa, makina onse apita. Okonda ThinkPad, makina akuda aja okhala ndi kabatani kofiira pakati pa kiyibodi, zimenezi safuna kuzimva. IBM inawayambitsa mu 1992, Lenovo n'kuwatenga mu 2005. Ena mpaka lero amadandaulabe kiyibodi ya mizere 7 ya pa T420, imene inasinthidwa mu 2012.

Imene ikusakidwa kwambiri pa kaunjika ndi T480 ya mu 2018. Ili ndi malo awiri oikapo RAM ya DDR4, mpaka 32GB, ndipo yonse ndi yochotseka. Mabatire akenso ndi awiri: lam'kati la 24Wh, ndi lakunja limene mumatha kulisolola n'kuika lina makina ali chiyakire. Lakunjalo lilipo mpaka la 72Wh, ndipo kumene magetsi amathimathima limeneli ndi chuma. T490 itabwera mu 2019, batire lakunja linachoka, RAM ina n'kuwotchereredwa. Apa m'pamene ambiri anaima.

Koma musamangotola. Musanalipire, iyatseni n'kudina F1 kuti mulowe mu BIOS, momwe mumakhala masetingi oyambira a makinawo. Ikakufunsani pasiwedi ya supervisor, isiyeni pomwepo. Pasiwediyi imasungidwa pa kachipu kakekake, moti kuchotsa kabatire ka CMOS, kamene kamasunga nthawi ndi masetingi, sikuifufuta. Onaninso purosesa: i5-8250U kapena i5-8350U imalandira Windows 11 bwinobwino, pamene ma T480 ena ali ndi i5-7300U yomwe Microsoft saivomereza. Sikirini ya 1366x768 ndi yotuwa, imatopetsa maso. Funani ya IPS ya 1920x1080.

Matenda ake enieni ali pa Thunderbolt, njira yothamanga yolumikizira zipangizo kudzera pa USB-C. Firmware yakale, pulogalamu ya m'kati yoyendetsa Thunderbolt-yo, imangolembalemba pa kachipu ka memory mpaka kutheratu mphamvu. Zikatero USB-C imayamba kuvutavuta, mwina HDMI n'kusiya kuonetsa, ndipo popeza makinawa amatchajira pa USB-C pomwepo, vutolo si laling'ono. Tsiku loyamba lomwelo ikani firmware yatsopano kudzera pa pulogalamu ya Lenovo Vantage, kapena ya fwupd ngati muli pa Linux.

Pofuna kutsegula m'kati mwa makinawa, yambani mwachotsa batire lakunja, kenako lowani mu BIOS, pa Config ndi Power, musankhe Disable Built-in Battery. Mukaiwala, bolodi imakhala ikadali ndi moto, ndipo sikuludalaiva ikangokhudza polakwika mwaotcha. Masikuluwu a chivundikiro chapansi samachokeratu, amangomasuka. Musawakoke ndi mphamvu, ndipo chivundikirocho muzikanganula pang'onopang'ono ndi kapulasitiki, poti timano take sitichedwa kuthyoka.