Adriano akumwetsabe zigoli ku Mangochi

Ndinatsika minibasi yochokera ku Liwonde dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana. Mphwanga amene tinapangana kupitira limodzi ku Namwera anati achedwa, ndiye ndinangozungulira pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ija, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kubwerera chakumsika kukasaka mthunzi.

Ndinaupeza m'kanyumba ka malata kotchinga khomo ndi chitenje. Mkatimo munali ma TV awiri, benchi imodzi ndi anyamata oposa khumi, ena akukuwa m'Chiyao, ena m'Chichewa. Phadi ina inali yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, batani la X litafufutika ndi zala. Nditangosuzumira pa TV ndinazindikira: gemu ya mpira ya PES 6, pa PlayStation 2.

"Ankolo, mumaitha?" anafunsa mnyamata wotolera ndalama. Ndinakhala pansi.

Gemu imeneyi inatuluka mu 2006, ambiri mwa anawa asanabadwe. Eni ake ndi Konami ya ku Japan, imene Kagemasa Kozuki anaiyambitsa ku Osaka mu 1969. Poyamba sanali wa magemu ayi, ankakonza ndi kubwereketsa makina oimba nyimbo ukaponyamo ndalama yachitsulo. Kenako kunabwera Frogger mu 1981, kachule kowoloka msewu kaja, Castlevania mu 1986, ndipo mu 1987 Contra ndi Metal Gear ya Hideo Kojima. Contra ndi imene inatilera ife. Mpaka lero zala zanga zimakumbukira mabatani achinsinsi a gemuyo: mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, basi wapeza miyoyo 30.

Koma mpira ndi umene unaifikitsa Konami m'misika yathu. Akatswiri ake a ku Tokyo anayamba Winning Eleven mu 1995, ndipo ku Ulaya inadzatchedwa Pro Evolution Soccer kuyambira 2001. Ziphaso za matimu ambiri zinali ndi gemu ina, FIFA ya EA Sports, moti Liverpool muno ndi Merseyside Red. Palibe ankadandaula. Mpira wake unali ndi kulemera, pasi ukaiponya mosasamala inkatayikadi, ndipo chigoli unkachikhetsera thukuta. Kwa ine palibe gemu ya mpira imene inaiposa.

M'kanyumbamo muli lamulo: wosankha Inter Milan ayenera kupambana ndi zigoli ziwiri, apo ayi aimirire. Chifukwa chake ndi Adriano, wosewera kutsogolo wa timuyo, amene mwendo wake wamanzere anaupatsa mphamvu 99. Kamnyamata kovala kofiya yoyera kanamutengabe. Kanandimwetsa zitatu, chachiwiri kali kutali ndi bokosi, anzake n'kumagunda malata ngati ali pabwalo la Kamuzu. Ine ndinabweza chimodzi chamutu, ndipo mtima unagunda ngati kale.

Mu 2021 Konami inasiya dzina la PES n'kuyamba eFootball, yaulere koma yodalira intaneti. Zimenezi zimandiwawa. Kanyumba ngati aka sikangagule bandulo tsiku ndi tsiku. Chimbale chakale chija chimangofuna magetsi ndi kuchipukuta ndi malaya chikakana kuwerenga, monga anachitira mnyamata uja kawiri ine ndili pomwepo.

Mphwanga anaimba foni ndili pakati pa gemu yachitatu. Ndinapereka phadi kwa kamwana kamene kanali kataima kumbuyo kwanga chifikireni, ndinakalipirira magemu awiri, n'kukwera kabaza wopita kutsidya kwa Shire.