Voti si vuto, vuto lili ku khonsolo

M'mawa uno pa Kamuzu Road ku Salima anthu amatsutsana kuti demokalase ndi ya azungu, siyingayende m'maiko aakulu a mitundu yambiri. Nanga India? Ali ndi anthu oposa 1.4 biliyoni ndi zilankhulo zambirimbiri, koma amavota. Mu 1992 anasintha malamulo kuti makhonsolo a kumidzi azisankhidwa ndi anthu, mpando umodzi mwa itatu uliwonse ukhale wa amayi.

Kwathu kuno chimandipweteka ndi ichi. Lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, makhansala tinasankha mu 2000, kenako kuyambira 2005 mpaka 2014 kunalibiretu. Pempho la mjigo limayambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), lipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera), lifike ku khonsolo, koma ndalama zambiri zimachokera ku Lilongwe, zimachedwanso. DC (bwanamkubwa) sasankhidwa ndi anthu, ndipo mu 2010 aphungu anapatsidwa mphamvu yovota nawo m'khonsolo, ndiye khansala angamufunse bwanji phungu za CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu?

Pa chilumba cha Mbenje m'nyanja ya Malawi, a Senior Chief Makanjira akatseka usodzi nyengo ya mvula asodzi amamvera, chifukwa wolamula amamudziwa ndipo phindu amaliona mu ukonde. Khansala wanu munamuona liti akuwerenga bajeti pagulu?