Masiku awiri ku Manila, pofunafuna mafilimu oopsa amene anapulumuka

Ndalemba lipotili chifukwa cha anzathu amene simunathe kupita nafe, komanso abale kumudzi amene mumafunsa zimene timachita kuno ku Philippines tikatsekera sukulu. Tinalipo anthu 11, ophunzira ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene tikukhala m'chigawo cha Cavite, pamodzi ndi mnzathu mmodzi wa konkuno amene anatitsogolera. Tonse timamutchula kuti Kuya, mawu amene kuno amaitanira mchimwene wamkulu.

Ndiyambe ndi kunena kuti ulendowu sunavomerezedwe mosavuta. Kuya atabweretsa ganizo lakuti tikaone mafilimu akale a mizukwa ndi afiti, ena anakana ndithu. Abusa a gulu lathu anafunsa kuti munthu wopemphera akapindulanji poonera zamdima. Inenso mumtima ndinali mbali yawo. Kuya anatiyankha modekha kuti, "Abusa, simudzawadziwa anthu a kuno ngati simudziwa chimene amaopa usiku. Ndipo ambiri mwa mafilimu amenewa anafa kale, amene atsala akudwala." Mawu akuti akudwalawo ndi amene anatikweza basi.

Tinanyamuka m'mamawa kusanatenthe, n'kukatsikira pa siteshoni yaikulu ya mabasi ku Parañaque, kenako tinakwera sitima yam'mwamba ya LRT mpaka pa Carriedo. Kuchokera pamenepo n'kuyenda pang'ono chabe kufika mu msewu wa Escolta. Lero ndi msewu wotopa, wa nyumba zakale zakuda ndi utsi, koma ndi mmenemo mmene anthu a ku Manila anaonera zithunzi zoyenda koyamba mu 1897, dzikoli likadali m'manja mwa Spain. Taima pamthunzi, Kuya anatifotokozera za José Nepomuceno, amene amati ndiye tate wa kanema wa dzikoli. Filimu yake yoyamba, Dalagang Bukid, inatuluka mu 1919. Mu 1927 anapanga Ang Manananggal, imene amaiwerengera kuti ndiyo filimu yoopsa yoyamba ya Afilipino. Mu 1933 kunatuluka Ang Aswang ya George Musser, imodzi mwa zoyambirira kukhala ndi mawu. Mmodzi wa ife anafunsa kumene tingakaonere zimenezi. Kulibe. Zonse zitatu zinatayika, ndipo palibe munthu wamoyo amene angakuuzeni kuti ali nazo.

Pa mafilimu mazanamazana amene anapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanafike, amene atsala athunthu mungawawerenge pa zala za dzanja. Nkhondo yolimbirana mzinda wa Manila mu February ndi March 1945 inasandutsa mbali yaikulu ya mzindawu phulusa, ndipo filimu ya nthawi imeneyo, yopangidwa ndi nitrate, simachedwa kugwira moto ndipo ikayaka sizimitsika ndi madzi. Amene anapulumuka, ena anapulumukira kunja. Zamboanga ya 1937 anakaipeza ku Library of Congress, nkhokwe yaikulu ya mabuku ya boma la America, ndipo amene anaipeza ndi wolemba mbiri ya kanema Nick Deocampo. Giliw Ko ya 1939 anaikonzanso ndi thandizo la nkhokwe ya mafilimu ya ku Australia.

Tisanapitirire ndikuuzeni za manananggal, chifukwa apa ndi pamene maganizo anga anayamba kutembenuka. Masana ndi mayi wamba, mwina wokongola, woyandikana naye nyumba. Usiku thupi lake limadukana m'chiuno, kumtunda kumamera mapiko ngati a mleme n'kuuluka, miyendo n'kutsala chiimire pamalo obisika. Amatera padenga la nyumba imene muli mayi woyembekezera, n'kutsitsa lilime lalitali lowonda ngati ulusi. Kuti mumuphe, mufunefune miyendo ija n'kuthirapo mchere, phulusa kapena adyo, kuti dzuwa likamatuluka alephere kulumikizana. Kuya akufotokoza izi, tonse tinangoyang'anana. Achemwali ena a ku Chipata anati, "Koma uyu ndi mfiti ya kwathu, kungoti alibe lichero." Palinso tiyanak, amene amalira kuthengo ngati khanda losiyidwa, ukalinyamula n'kusanduka chilombo. Palinso nuno sa punso, kankhalamba kokhala m'chulu, ndipo mpaka lero anthu akamadutsa pachulu amati "tabi tabi po", kupempha njira mwaulemu. Ine ndinakulira kumudzi kumene agogo ankatiletsa kusewera pachulu kukada. Sindinayembekeze kuti ndikamva zomwezo kutsidya kwa nyanja zamchere.

Ku Quiapo sitinakhalitse. Tinadya phala lampunga limene amati lugaw, tinaona amayi ogulitsa zitsamba ndi zithumwa, zimene amati anting-anting, pafupi penipeni ndi khomo la tchalitchi cha Black Nazarene. Abusa anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako tinawoloka mtsinje wa Pasig kukaona Metropolitan Theater, nyumba ya 1931 imene inakhala bwinja zaka zambiri isanatsegulidwenso mu 2021.

Madzulo anzake a Kuya anatikonzera kachipinda koonetsera kanema, ndipo tinaonera Itim, filimu ya 1976 ya Mike de Leon. Dzinalo limatanthauza chakuda. Ndinkayembekezera magazi ndi kukuwa, koma mulibe. Mnyamata wojambula zithunzi akubwerera kumudzi m'Sabata Loyera kukaona bambo ake opuwala, amene kale anali dokotala. Akukumana ndi mtsikana, Teresa, amene mkulu wake anasowa, ndipo mzimu wa wosowayo wayamba kulankhulira mwa iye. Mantha ake ali m'nyumba yakale yamatabwa, m'mafano a oyera mtima oima mumdima, m'mawu a amayi oimba nkhani ya masautso a Yesu usiku wonse. Pang'onopang'ono umazindikira kuti choopsa chenicheni ndi tchimo limene munthu wolemekezeka anabisa, ndipo wakufayo sakufuna china koma kuti choonadi chinenedwe. Anajambula ku San Miguel m'chigawo cha Bulacan, ndipo inali filimu yoyamba ya Charo Santos, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa kampani yaikulu ya wailesi yakanema ya ABS-CBN. Anaikonzanso ku Bologna, ku Italy, n'kukaionetsa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2022.

Magetsi atayaka panalibe wolankhula. Oyamba kutsegula pakamwa anali Abusa omwe aja. Anati, "Ana anga, iyi ndi nkhani ya magazi a Abele akufuula kuchokera m'nthaka." Tinakambirana mpaka usiku ndithu. Mnyamata wina wa ku Quezon City anatiuza kuti kukonza filimu ngati iyi n'kovuta kuposa zina, chifukwa mdima wake uli ndi magawo. Filimu ikaonongeka mdima wonse umasanduka phala limodzi, ndipo nkhope imene wojambula anaibisa pakona kuti uione mochedwa imatheratu. Ine sindinaganizepo kuti mdima ungafune kusamalidwa.

Usiku womwewo anationetsa tizigawo ta mafilimu ena. Gerardo de León, amene anaphunziranso udokotala, anapanga Kulay Dugo ang Gabi mu 1964. Filimu yamitundu inali yodula, choncho mbali zina anajambula zakuda ndi zoyera n'kuzipaka zofiira kapena zabuluu, ndipo kusowa kwa ndalamako kunabala kukongola kumene ena amaphunzira mpaka lero. Filimuyi inafala kunja ndi dzina lakuti The Blood Drinkers, mawu ake atasinthidwa kukhala Chingelezi. Tinaonanso pang'ono Patayin Mo sa Sindak si Barbara ya Celso Ad. Castillo ya 1974, ndi Shake, Rattle & Roll yoyamba ya 1984, imene inayambitsa mwambo wakuti mabanja azipita kukachita mantha limodzi pa nyengo ya Khirisimasi. Muli nkhani zitatu, ina ya firiji yolusa yopangidwa ndi Ishmael Bernal, ina ya manananggal yopangidwa ndi Peque Gallaga. M'nkhani yomalizayi muli gogo wina, ndipo Kuya anaimitsa chithunzi n'kutilozera. Gogoyo ndi Mary Walter, yemwe uja anasewera mu Ang Manananggal ya 1927 ali mtsikana. Papita zaka 57 pakati pa mafilimu awiriwa. Nkhope yake yaukalamba tili nayo, ya utsikana wake mufilimu ija inapita.

M'mawa mwake tinapita ku Pasay, m'mphepete mwa nyanja, kukaona Manila Film Center. Imelda Marcos, mkazi wa pulezidenti wa nthawi imeneyo, anailamula kuti imangidwe mwaliwiro kuti ichitikiremo chikondwerero cha mafilimu cha 1982, ndipo cholinga china chinali chakuti izisunga mafilimu a dzikoli. Pa 17 November 1981 zomangira zinagumuka, antchito n'kugwera m'simenti yaiwisi. Chiwerengero cha omwalira anthu amatsutsana mpaka lero, ndipo nkhani zakuti m'nyumbamo mumamveka mizimu n'zodziwika mu mzinda wonse. Tinangoima kunja, kuyang'ana zipilala zake zikuluzikulu. Abusa anapempherera mabanja a antchitowo, ndipo tinachoka.

Gawo limene ndinapitira, ngakhale sindinkadziwa, linali la masana. Tinalandiridwa ndi anthu ochepa amene ntchito yawo ndi kusamala mafilimu akale. Tisanalowe n'komwe, fungo linatipeza pakhomo, lowawasa ngati viniga. Mayi amene anatilandira, amene tinkawatchula kuti Ate, mawu oitanira achemwali aakulu, anati fungo limenelo ndiwo matenda aja Kuya ankanena. Filimu ya acetate, imene inalowa m'malo mwa nitrate cha m'ma 1950, ikakhala potentha ndi pachinyontho imayamba kutulutsa asidi. Imafota, kupindika, kenako chithunzi chimasweka n'kukanganuka. Ikayamba sibwerera, ndipo mpweya wa chitini chodwala umafulumizitsa kuola kwa zitini zoyandikana nacho, monga nankafumbwe akalowa m'nkhokwe. Mankhwala ake ndi kuzizira ndi kuuma, usana ndi usiku, chaka chonse, m'dziko la kutentha, mvula yamkuntho, madzi osefukira ndi magetsi odula.

Ate anatiuzanso chinthu chimene chinandipweteka kuposa moto wa nkhondo. Zaka zakale eni mafilimu ambiri ankaona kuti filimu ikatha kupanga ndalama yatha ntchito. Ena ankaigulitsa kuti achotsemo siliva. Ina inkagulidwa ndi anthu opanga torotot, timalipenga timene ana amaliza pa Chaka Chatsopano. Ganizirani ntchito ya anthu mazana, miyezi yambiri, ikudulidwa ndi sizasi n'kukulungidwa kuti ilire usiku umodzi.

Anativeka magolovesi oyera n'kutilola kugwira kachidutswa kotayidwa. Anationetsa mmene amayendera filimu pamanja, kuchotsa nkhungu, kumata timabowo tam'mbali tong'ambika, asanaiike pamakina oikopera mu kompyuta. Pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24, ndiye kuti filimu ya mphindi 90 ili ndi zithunzi 129,600, ndipo zoonongeka kwambiri amazitsuka chimodzichimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu. Anatchula amene akhala akumenya nkhondoyi: Society of Filipino Archivists for Film, nkhokwe ya boma imene ili pansi pa Film Development Council of the Philippines, ndi ntchito ya Sagip Pelikula ya ABS-CBN, imene inayamba mu 2011 ndipo inabwezeretsa filimu ya Himala ya 1982 n'kukaionetsa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice, ku Italy, mu 2012. Chaka chomwecho Genghis Khan ya Manuel Conde ya 1950 inabwerera kwawo, itapezeka itasungidwa ku Venice komweko.

Ndinafunsa chifukwa chake mafilimu oopsa akuoneka kuti amatsalira m'mbuyo. Ate anati ndalama zikachepa anthu amayamba ndi mafilimu amene analandira mphoto, ndipo oopsawa ankaonedwa ngati zosangalatsa anthu wamba basi. Apa ine ndili ndi maganizo anga, ndipo ndawasintha paulendowu. Mafilimu amenewa ndi amene anthu wamba ankadzaza m'maholo kukaonera, ndipo m'menemo ndi mmene muli nthano za agogo awo, kamangidwe ka nyumba za m'midzi, mapemphero, ndi zimene mayi woyembekezera ankaopa. Kuwaika kumapeto kwa mzere n'kulakwitsa. Pamene Ate ankalankhula ndinakumbukira bambo anga akusimba za galimoto ya kanema imene inkabwera pabwalo la sukulu kumudzi, anthu n'kukhala pansi mpaka usiku. Sindinawafunsepo zimene ankaonera, ndipo ndalemba kale funsolo kuti ndiwafunse Lamlungu tikamalankhulana pa foni.

Tisanatsanzike Ate anatenga chitini china chadzimbiri chimene banja lina linabweretsa litachipeza m'nyumba ya malemu agogo awo. Chinalibe dzina, pepala lake linadyedwa kalekale. Atatsegula, fungo linatibweza m'mbuyo. Filimu yonse inali itamatana kukhala chibuma chimodzi, kupatula kansonga kakutali ngati chikhatho. Anakakweza pa nyali n'kutiitana mmodzimmodzi. Munali zithunzi zisanu ndi chimodzi za mayi wa tsitsi lalitali, ataima pazenera, akutembenuka kuyang'ana chinachake kumbuyo kwake. Pa chithunzi chomaliza chooneka, kamwa yake inali itangoyamba kutseguka. Ate anati adzakopera zisanu ndi chimodzizo n'kuzisunga, mwina tsiku lina wina adzaizindikira nkhopeyo.

Tinakwera basi yobwerera ku Cavite dzuwa likulowa, ndipo tinafika cha m'ma 9 koloko usiku chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto. Ndalama zimene zinatsala pa zopereka za ulendo tinagwirizana m'basi momwemo kuti Kuya akazipereke kwa Ate, agulire magolovesi ndi zitini zatsopano. Abusa apempha kuti amene munatsala mudzaonere Itim pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo akuti adzatsogolera okha zokambirana.