Mankhwala ndi omwewo, koma akukana kusungunuka

Sabata ino yathera pa mapiritsi a carbamazepine, mankhwala a khunyu, amene tinawasunga m'kabati yoyesera kukhalitsa, pa 40°C ndi chinyezi cha 75%. Lolemba tinawaponya m'magalasi oyesera kasungunukidwe: madzi 900 mL, otentha 37°C ngati thupi la munthu, kachitsulo kovundulira kakuzungulira ka 75 pa mphindi. Mapiritsi atsopano anaphwanyika msanga. Osungidwa aja anangokhala pansi ali gwa, akunyenyeka pang'onopang'ono, ndipo ola litatha anali asanafike mlingo wofunika.

Makina a HPLC, oyeza kuchuluka kwa mankhwala m'piritsi, anati mankhwala onse alimo, palibe chawonongeka. Ambiri amaona ngati zikatero nkhani yatha. Ayi ndithu. Thupi limayamwa okhawo amene asungunuka.

Lachitatu tinapera mapiritsiwo n'kuwaunika ndi X-ray diffraction, njira yoonera kasanjidwe ka mamolekyu m'kristalo, ndipo panatuluka mizere imene ya atsopano inalibe. Pa maikulosikopu tinaona timakristalo tosongoka ngati singano. Carbamazepine anali atamwa chinyezi n'kusanduka dihydrate, molekyu iliyonse itagwirana ndi mamolekyu awiri a madzi. Molekyu ya mankhwala sinasinthe, chasintha ndi kasanjidwe kake m'kristalo. Kristalo amene wakhazikika kale ndi madzi m'kati mwake salola msanga kuti madzi ena amumasule, ndipo tisingano timeneti timalukana n'kulimbitsa piritsi lonse. Kwa wodwala khunyu, mankhwala akachepa m'magazi matenda akhoza kumugwetsanso.

Pa ntchito yathu yopanga mankhwalayi aliyense amakumbukira ritonavir, mankhwala a HIV. Mu 1998 kampani ya Abbott inaona mtundu wachiwiri wa kristalo, Form II, ukutulukira m'makapisozi a Norvir, dzina limene ritonavir amagulitsidwira. Unali wokhazikika kwambiri, wovuta kusungunuka, ndipo makapisoziwo anachotsedwa pamsika mpaka atakonzedwa mwina. Kumeneko silinali vuto la madzi, koma mutu wake ndi umodzi: kristalo akasintha, kasungunukidwe kamasinthanso.

Lachisanu kunali kukangana. A mbali yopanga ankati vuto ndi madzi amene timathira pokanda ufa tisanaumbe mapiritsi. Ine sindinavomereze, chifukwa atsopano aja analibe dihydrate ngakhale pang'ono, kutanthauza kuti chinyezi chikulowa atapakidwa kale, kudzera m'pulasitiki ya PVC yokutira mapiritsiwo. Ndapempha kuti gulu lotsatira lipakidwe mu aluminiyamu mbali zonse ziwiri. A zachuma akuti n'zodula, koma alola kuti tiyese, ndipo mapiritsiwo adzalowa m'kabati Lolemba likudzali.